Oswald Chilambe ndi Mabuku Opanda Mathero

Amene tasonkhana kudzawaperekeza lero ndi Bambo Oswald Barnaba Chilambe. Anabadwa m'chaka cha 1954 kutsidya kwa nyanja, kufupi ndi mishoni ya Malindi, m'boma lino la Mangochi. Anali achitatu m'banja la ana asanu la Bambo Barnaba Chilambe ndi Mayi Rebeka, omwe onse anatsogola kale. Mbiriyi taikonza ife ana awo atatu, ndipo amene akuiwerenga ndi Ruth, mwana wawo wachisamba.

Tisanapite patali, pali nkhani imene tiyenera kuinena poyera. Kuyambira dzulo pasiwa pano pakhala pakuyenda manong'onong'o akuti mbiri ya bambowa ikhala yaifupi, chifukwa palibe cholemba za mwamuna wa kunyanja amene sanagwirepo nkhafi. Abale ena, mwa chikondi ndithu, anatilangiza kuti tingolemba kuti malemu anali msodzi ndi mlimi, kuti maliro asachite manyazi. Anawonjezanso kuti mawa, pogawa katundu wa malemu, mabokosi awiri a mapepala amene ali pakhonde aperekedwe kwa amayi ogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira malonda awo. Zonse ziwirizi takana. Malemu sanali msodzi, ndipo sitiwaika m'manda ndi bodza. Mbiri yawo si yaifupi, choncho amene ali ndi changu apirire.

Malemu anayamba sukulu pa mishoni m'chaka cha 1962, ndipo analekezera Sitandade 6 bambo awo atamwalira. Koma iwo ankanena kuti chimene chinawaphunzitsa kuwerenga si sukulu ayi, ndi mchere. Tsiku lina ali aang'ono anatumidwa kumsika kukagula mchere, wogulitsa n'kuwakulungira m'pepala long'ambidwa m'buku. Ali m'njira anayamba kuwerenga pepalalo. Munali nkhani ya mtsikana amene anapita kukatsuka mbale kunyanja n'kupeza bwato lopanda mwini litakocheza, m'kati mwake muli ng'oma ndi nsapato imodzi. Pamene mtsikanayo ankatambasula dzanja kuti agwire ng'omayo, pepala linathera pomwepo. Oswald anabwerera kumsika kukapempha tsamba lotsatira, koma linali litapita kale ndi mchere wa munthu wina. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa amene wagula mchere tsiku limenelo, ndipo anafika kwawo ndiwo zitadyedwa kale zopanda mchere. Chikwapu anachilandira, koma tsambalo sanalipeze. Pepala limene anali nalo analikung'untha bwinobwino n'kulisunga m'buku la mapemphero, ndipo mathero a nkhaniyo anayamba kupeka okha n'kumauza azing'ono awo, lero ena, mawa ena.

M'chaka cha 1974 anawoloka nyanja n'kukapeza ntchito pa hotela ina ku Nkopola. Ntchito yawo inali yochapa, kusita ndi kuyala mabedi. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kugwira simbi ya makala osapsereza ngakhale kolala, luso limene sanalitaye mpaka maso atawathawa. Alendo akasiya buku lonyowa pamchenga, anzawo ankaliponya kudzala, iwo ankalitola n'kukaliyanika pamodzi ndi mashiti a pabedi.

Ali komweko anakumana ndi Elina, mtsikana wa kuno ku Nkope amene ankabwera ndi usipa kudzagulitsa kwa antchito pachipata cha kuseri. Elina anazindikira msanga kuti mnyamata uyu akagula nsomba, amayamba wawerenga pepala lokulungira asanaone ngati nsombazo n'zabwino. Amayi amatiuza kuti tsiku lina anawafunsa kuti, "Kodi inu mumagula nsomba kapena pepala?" Bambo anayankha kuti amagula zonse ziwiri, koma chimene amabwerera ndi wogulitsa. Anakwatitsa ukwati wawo mu mpingo wa Angilikani m'chaka cha 1979, ndipo malemu anabwera kuno ku Nkope ngati mkamwini. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Ruth, Elizabeti ndi Nicholas.

Chaka chimene chinasintha moyo wawo ndi cha 1985. Pa nthawi imeneyo amayi ankakwera malole ndi madengu a nsomba zouma kupita ku Limbe, n'kukakhalako masiku, pamene bambo ankagona kuntchito. Ana ankasiyidwa m'manja mwa anansi, ndipo pamene pali maso ambiri aliyense amayesa kuti mnzake akuona. Elizabeti, ali wokwawa, anagwera pa makala a pamalo owambira nsomba. Ali pano lero, ndipo chipsera chili padzanja lake lamanzere. Mwana atatuluka m'chipatala, makolo athu anakhala pansi awiri, osaitana ankhoswe. Anaona kuti dzanja la malonda lili ndi amayi, ndiponso kuti amayi ankakonda msewu monga momwe bambo ankakondera pakhomo. Mwezi womwewo malemu anakatsanzika ku hotela. Mawu awo anali akuti, "Pakhomo pano pakufunika munthu wamkulu, ndipo munthu wamkuluyo ndine." Pa hotelayo anawatsanzika ndi bulangete lalikulu lofiirira, ndipo bulangete limenelo mulimvanso m'mbiri muno.

Zimene zinatsatira ambiri a inu mukuzidziwa, pakuti ena munali m'gulu la oseka. Amuna a pa bawo anawapatsa dzina lachikazi, n'kumawaitana kuti Abiti Chilambe. Amayi pachitsime ankati Elina wawadyetsa khuzumule, mankhwala aja amati amapusitsa mwamuna kuti azingomvera mkazi. Mbiri inawoloka nyanja, ndipo abale awo anabwera pa bwato atanyamula botolo la mankhwala osanzitsa kuti m'bale wawo atulutse zimene anadyetsedwazo. Malemu sanakangane nawo. Anawayalira mphasa, anawaphikira, kenako analandira botololo n'kumwa lonse pamaso pawo. Anasanza mpaka kufooka, abale aja akuyang'anitsitsa pansi kuti aone chimene chatuluka. Atatha anatsuka m'kamwa, anatenga mbereko, anabereka Elizabeti kumbuyo, n'kunyamula ndowa kupita kuchitsime. Ponyamuka anangofunsa alendowo ngati pali wina amene ali ndi malaya ofuna kusita asanabwerere. Ena mwa amene anabwera pa bwato lija akhala pakati pathu pano. Tikuwalandira ndi manja awiri, koma sitinaiwale.

Dzina la Abiti Chilambe silinawapweteke monga momwe linatipwetekera ife ana. Ife tinkamenyana ndi anzathu kusukulu chifukwa cha dzinalo, n'kubwera mayunifolomu atang'ambika. Iwo ankangotenga singano n'kusoka, ndipo wina akawaitana ndi dzinalo pamsewu ankayankha kuti "Wawa," osafulumira, osaweramitsa mutu. Ankati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo iwo analibe nthawi yofera kuuna pamene zovala zili pachingwe ndipo mvula ikubwera.

Pa ndime ya ntchito, tilemba ntchito imene anagwira. Kwa zaka zoposa makumi atatu malemu ankasesa bwalo lija mwaliona, kutunga madzi, kuphika, kuchapa, kuzira nyumba ndi kulera ana. Ankadziwa chifuwa cha mwana aliyense ali kuseri kwa nyumba, n'kudziwa chimene chikufuna chipatala ndi chimene chikungofuna kujomba kusukulu. Sitinena kuti zonse ankazitha. Phala lawo linkachuluka mchere, mwina pobwezera ndiwo zija za ku Malindi. Tsitsi ankaluka mokhota, moti Ruth anayenda chaka chathunthu mutu utapendekera mbali imodzi, mpaka anapempha yekha kuti angometedwa. Analinso ndi mkwiyo wawo. Munthu wopinda ngodya ya tsamba la buku ankatha kumukalipira ngati waba mbuzi. Koma ntchito ya pakhomo sankaigwira mokakamizika kapena modandaula. Ankati nyumba ili ngati ukonde, umasoka kabowo kamene waona lero, ukadikira mawa upeza kakukwana mutu. Amayi akatsika lole atatopa, fungo la nsomba lili thupi lonse, ankapeza madzi osamba ali pamoto ndi ana ali amoyo, ndipo bambo ankaona kuti tsiku limenelo lapindula.

Tsopano tinene za mabokosi aja akuti mawa akakulungire zitumbuwa. Mapepala amenewo anachokera kumene akufuna kuwabwezako. Mnansi wathu Che Zubair, amene kwa zaka zambiri ankakazinga kanyenya pamsika, ankagula mitolo ya mabuku akale ku boma kuti azikulungira nsomba zake. Anagwirizana ndi malemu kuti mtolo uliwonse usanang'ambidwe uziyamba wadutsa pakhonde pathu, bambo asankhe zimene akufuna. Malipiro ake anali akuti Lachinayi lililonse bambo ankasita mkanjo wa Che Zubair wopitira kumzikiti. Mkhristu ankasita mkanjo wa Msilamu, Msilamu ankapulumutsa mabuku a Mkhristu, ndipo sitinamvepo awiriwa akutsutsana za chipembedzo. Ankangokangana za buku limene Che Zubair analing'amba asanalionetse.

Masamba amene apulumutsidwa, bambo ankawasanja, kuwasoka ndi ulusi wa ukonde, n'kuwaveka chikuto cha katoni. Ambiri analibe chiyambi, ndipo pafupifupi onse analibe mathero. Masana aliwonse, mbale zikatsukidwa, ankakhala pakhonde atatsamira khoma n'kuyamba kuwerenga mokweza. Nyengo imene timaikumbukira kwambiri ndi ya mwera, mphepo ikamawomba mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda. Tinkalowa tonse m'bulangete lofiirira lija, mitu yokha ili kunja, mbatata yootcha ikutiwotcha m'manja, tiyi wa masamba a mandimu akuzungulira m'kapu imodzi. Mvula ikagwa padenga ankakweza mawu, mwana wamng'ono akagona ankatsitsa. Buku lachingerezi ankalimasulira pomwepo, ndipo timakayika ngati mwini wake akanaizindikira nkhani yakeyo, chifukwa aliyense wa m'bukumo ankapezeka akudya chinangwa ndi kulankhula ngati wa ku Chowe, m'boma lathu lomwe lino.

Akafika pamene pepala lathera, ankatseka buku, n'kuloza mwana mmodzi ndi chala, n'kunena mawu amodzi okha: "Malizitsa." Panalibe kuthawa. Wamanyazi ankamudikira mpaka atatsegula pakamwa, wabodza lambiri ankamusiya aname mpaka atope. Elizabeti ankapha anthu onse a m'nkhani, Nicholas ankawakwatitsa onse, ndipo bambo ankavomera zonse ziwiri. Posakhalitsa bulangete linayamba kuchepa, chifukwa ana a anansi anayamba kubwera. Ankabwera ana a Asilamu ndi a Akhristu, ndipo nthawi ya madrasa ikakwana bambo ankatseka buku okha n'kuwathamangitsa kuti asachedwe. Ankabweranso ana a amuna omwe aja a pa bawo. Atate awo ankaseka Abiti Chilambe m'mawa, masana n'kumafunsa ana awo kuti nkhani ya dzulo ija yatha bwanji.

Sitinama pano kuti ana onse amene anakhala pakhonde paja anakhoza mayeso kapena kuti anakhala mabwana. Ena ndi asodzi, ena amayendetsa kabaza, ena ali ku Joni, ena tinawaika kale m'manda ano. Malemu sankawerengera ana kuti adzalembedwe ntchito. Ankawerenga chifukwa kunja kukuzizira, ana ali pamodzi, ndipo nkhani ndi yokoma. Kwa iwo chimenecho chinali chifukwa chokwanira, ndipo kwa ifenso n'chokwanira.

Pa za mpingo, malemu anabatizidwa ali khanda ndipo analimbikitsidwa m'chaka cha 1968. Kwa zaka zambiri ankawerenga Mawu a Mulungu Lamulungu, ndipo okhala kumbuyo sankafunika kutchera khutu. Ankachapanso ndi kusita nsalu za paguwa, ntchito imene anaigwira limodzi ndi amayi a mpingo popanda kuona chachilendo. Chaka china dzina lawo linatchulidwa kuti akhale mkulu wa mpingo, koma panapezeka anthu ena amene anati mwamuna wobereka mwana kumbuyo sangatsogolere amuna anzake. Dzinalo linachotsedwa. Izi zinawapweteka, ndipo tinaona ndi maso athu kuti zawapweteka. Koma Lamulungu lotsatira anali kutsogolo ndi Buku Lopatulika m'manja, nsalu za paguwa zili zosalala ngati kale.

M'chaka cha 2018 anapezeka ndi matenda a shuga. Maso anayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono, ndipo pofika 2021 sankaonanso. Imeneyi ndiyo nyengo yokha imene tinaona bambo athu atagonja. Ankakhala pakhonde buku lili pamiyendo, akulisisita ndi kulinunkhiza, osalankhula ndi munthu. Zidzukulu zinkayesa kuwawerengera, koma zinkathamanga ngati zikuthawa galu, maso ali pa foni. Khonde linakhala zii, ndipo ife tinkaopa kuti chisoni chiwatenga matenda asanawatenge.

Apa ndi pamene amayi athu, Mayi Elina, anasiya maulendo a ku Limbe. Amayi sanapondepo m'kalasi. Moyo wawo wonse ankamva nkhani za pakhonde ali chapatali, akusanja nsomba pathandala. Tsiku lina anakhala pansi pafupi ndi amuna awo n'kunena kuti, "Inu munandisungira nyumba, ine ndikusungirani maso. Ndiphunzitseni." Munthu wosaona anayamba kuphunzitsa munthu wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi. Bambo ankagwira dzanja la amayi n'kulemba chilembo ndi chala pachikhatho, amayi n'kuchifunafuna papepala mpaka achipeze. Anakangana pa ntchito imeneyi kuposa momwe anakanganira pa china chilichonse m'banja lawo. Amayi ankataya buku n'kunyamuka, akuti mphunzitsi wake ndi wankhanza. Bambo ankati wophunzira wake ndi wamakani ngati bulu. Madzulo asanafike ankapezeka akhalanso pamodzi. Oseka sanasowe. Amene kale ankati mwamuna wadyetsedwa mankhwala, tsopano ankati agogo alowa Sitandade 1. Amayi anangopitiriza kuphunzira zilembo zawo.

Patapita chaka ndi miyezi, amayi anawerenga tsamba lathunthu okha. Ankawerenga pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala, ndipo akaterereka bambo ankawakonza kuchokera m'mutu, poti mabuku onsewo ankawadziwa. Ana a m'mudzi anayambanso kubwera. Anali ana a ana aja a kale, ndipo bulangete lofiirira, ngakhale linali ndi zigamba, linawakwana.

Mwezi wathawu matenda anakula, ndipo anagonekedwa pa chipatala cha ku boma. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira ndi mtima wonse. Atapezako pang'ono anapempha kuti abwerere kwawo, akuti mwera wayamba ndipo pakhonde pali anthu akudikira. Lachiwiri lapitali, pa 9 Julaye 2024, masana mbale zitatsukidwa, anapempha kuti awatulutse panja. Amayi anawafunditsa bulangete n'kufunsa kuti awerenge buku liti. Bambo anati atenge pepala la m'buku la mapemphero, lija la mchere. Amayi anawerenga za mtsikana wotsuka mbale, za bwato lopanda mwini, za ng'oma ndi nsapato imodzi. Atafika pamene mtsikana akutambasula dzanja, pepala linatha, monga linathera zaka zonsezi. Amayi analipinda, n'kunena monga mwa mwambo wa pakhonde paja kuti, "Oswald, malizitsani." Bambo sanayankhe. Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Choncho abale ndi anansi, mawa pogawa katundu mupeza malaya, nsapato, wailesi ndi njinga. Zimenezo gawanani mwamtendere. Simbi ya makala malemu ananena kale kuti ipite kwa Che Zubair, kuti aphunzire kusita yekha. Koma mabokosi awiri aja ndi bulangete sizili pa katundu wogawa. Sizichoka pakhonde, ndipo palibe tsamba ngakhale limodzi limene likulungire chitumbuwa. Amayi atituma kuti tinene kuti masiku a maliro akatha, masana mbale zikatsukidwa, iwo adzakhala pamalo pa amuna awo. Nkhani ya bwato ija adzaiwerenganso, ndipo mwana amene adzalozedwe chala adzaimaliza. Tumizani ana anu, ngakhale inu amene munkaseka. Atitumanso kuti tiyankhe funso limene lakhala likuyenda m'mudzi muno kuyambira 1985. Akuti ngati m'nyumba muja munalidi khuzumule, ndiye kuti anadya onse awiri, m'mbale imodzi.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Elina Chilambe. Asiya ana aakazi awiri, Ruth ndi Elizabeti, ndi mwana wamwamuna mmodzi, Nicholas. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri ndi chidzukulutudzi chimodzi. Asiya mchemwali wawo, Mayi Agnesi, ndi mng'ono wawo, Bambo Yohane, onse a ku Malindi. Asiya bwenzi lawo Che Zubair, amene mwa magazi si m'bale, koma tamulemba pa abale ndipo sitifufuta. Asiyanso ana a m'mudzi muno amene anafunda nawo bulangete lija, omwe sitingathe kuwawerenga.

Bambo Oswald Barnaba Chilambe, amene munkawatcha Abiti Chilambe ndipo ankayankha, ntchito yawo ya pakhomo aimaliza. Apumule mu mtendere wa Ambuye.